Khutu la wotsogolera filimu

Mzinda wa Cape Town ndi umodzi mwa malo owerengeka mu Africa kumene kujambula filimu ndi ntchito yooneka ndi maso. M'nyengo ya dzuwa, kuyambira Novembala mpaka Malichi, si chachilendo kupeza msewu wa pakati pa mzinda utatsekedwa, malole atandandalikana m'mbali mwake, nyale zikuluzikulu zikuyaka dzuwa likuswa mtengo, ndipo achinyamata ovala zomvera m'makutu akuimitsa anthu odutsa. Kunja kwa mzindawu, m'mphepete mwa msewu wa N2 wopita ku Somerset West, kuli Cape Town Film Studios, malo amene anatsegulidwa mu 2010, kumene makampani a ku America ndi ku Ulaya amamanga zombo ndi mizinda yongoyerekezera. Anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique okhala ku Masiphumelele, Imizamo Yethu, Dunoon ndi Philippi amaziona zimenezi popita kuntchito, ndipo ena amapezako ganyu yosenza katundu, yotsuka mbale kapena yolondera usiku. Thukuta lawo limalowa m'mafilimu a eni, koma chilankhulo chawo chimatsala kunja kwa mpanda.

Mwina n'chifukwa chake funso lakuti wotsogolera filimu wamkulu ndi wotani, limene kwina limakhala locheza chabe, pakati pa olankhula Chichewa a mumzindawu limatentha ngati mlandu wa malire a munda. Pali anthu atatu amene akhala akutsutsana za nkhaniyi kwa miyezi ingapo, Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Woyamba ndi bambo wa ku Dedza, wa imvi kale, amene kwa zaka zambiri wakhala akuyendetsa lole yonyamula nyale ndi zingwe za ojambula. Wachiwiri ndi mnyamata wa ku Lusaka, wophunzira za mafilimu pa sukulu ina ya mumzindawu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Wachitatu ndi mayi wobadwira ku Angónia, amene anakulira ku Ntcheu, ndipo tsopano amagwira ntchito ya m'nyumba ku Constantia. Palibe mwa iwo amene anatsogolerapo filimu, komabe aliyense ali ndi muyeso wake, ndipo miyeso yawoyo ndi yomwe akatswiri a mafilimu akhala akulimbana nayo kwa zaka 70.

Mkanganowu umayambira pa dzina lenileni la ntchitoyo, pakuti Chichewa sichinagwirizane pa liwu limodzi. Ena amangoti dayirekita. Ena amati wotsogolera, liwu lomwe limagwiritsidwanso ntchito pa wotsogolera nyimbo kapena mapemphero. Ena amakonda wowongolera, ngati wogwira nkhafi ya kumbuyo kwa bwato. Liwu lililonse limabwera ndi ganizo lake. Wowongolera ali kumbuyo, akuona komwe bwato likupita pamene opalasa sakuona. Wotsogolera nyimbo ali patsogolo, koma nyimbo yake siipita patali ngati gulu silikuvomera.

Bambo wa ku Dedza amamuona munthuyu ngati kapitawo. Iye waona ndi maso ake anthu mazana awiri atayima pagombe kudikira kuti munthu mmodzi anene komwe kamera iyime, dzuwa likupendeka, ndalama zikuthera m'madzi. Kwa iye wamkulu ndi amene amadziwa chimene akufuna m'mawa usanache, salalatira antchito, ndipo amamaliza zimene anayamba. Akafuna chitsanzo cha kumudzi amatchula Shemu Joyah, munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo. M'dziko limene wailesi ya kanema inafika mu 1999, lopanda situdiyo zikuluzikulu, Joyah anamaliza Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, ndiponso The Road to Sunrise mu 2017. Filimu yachitatuyi, yonena za amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre, inapata mphoto ya filimu yopambana ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018, ndipo inakhala yoyamba imene dziko la Malawi linatumiza ku mpikisano wa Oscar. Bamboyo amati munthu wotere safunika kumufotokozera, pakuti ntchito yake ilipo ndipo aliyense angaione.

Mnyamata wa ku Lusaka amaseka muyeso umenewu mwaulemu. Kumaliza ntchito, iye amatero, ndi udindo wa womanga nyumba aliyense; chimene chimasiyanitsa wamkulu ndi diso. Iye anaphunzira kusukulu za François Truffaut, amene mu 1954 analemba m'magazini ya Cahiers du cinéma modzudzula mafilimu a ku France ongotsatira zolembedwa, ndi za Andrew Sarris wa ku America, amene mu 1962 anakuza ganizo lakuti mwini filimu ndi wotsogolera, monga mwini buku ali mlembi. Malinga ndi ganizoli, wamkulu amadziwika ndi chithunzi chimodzi, ngati mmene woumba mbiya amadziwikira ndi mizere ya pakhosi pa mbiya yake. Mnyamatayo amatchula Oliver Hermanus, mwana wa ku Cape Town komweko, amene anayamba ndi Shirley Adams mu 2009 nafika pa Living mu 2022. Amakumbutsanso anzakewo kuti Charlie Chaplin ankaseketsa dziko lonse osatulutsa liwu, ndi kuti ana a ku Ndirande ndi ku Matero anakula akuonera mafilimu a karate m'mavidiyo sho popanda kumva chilankhulo chake, koma nkhani ankaitsata bwinobwino.

"Amai, filimu ni maso," iye amatero m'Chinyanja chake. "Ngati mufuna mau, yatsani wailesi."

Mayi wa ku Angónia satsutsa kuti maso ndi ofunika. Chimene iye amakana n'chakuti maso okha angakwanire, ndipo umboni wake ndi filimu imene olankhula Chichewa ambiri a mumzindawu anaonera pa mafoni awo, The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019. Filimuyi ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anatenga mbali ya bambo ake a William. Zithunzi zake n'zokongola, minda ndi ya ku Kasungu yeniyeni, Gule Wamkulu akuonekamo, ndipo mbali yaikulu ya zokambirana ili m'Chichewa. Koma amene anatenga mbali ya William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo amene anatenga mbali ya mayi ake, Aïssa Maïga, ndi wa ku France. Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha anthu otsogola m'filimuyi chinali cholemera pakamwa.

"Mwanawe," mayiyo amayankha, "ine njala ya 2002 ndinaiona. Pamene mayi uja akulira m'filimu muja ndinkafuna kulira naye, koma ndinapezeka ndikuwerenga Chingerezi cha m'munsi kuti ndimve Chichewa changa chomwe. Misozi inabwerera."

Dandaulo limeneli lili ndi maziko m'kapangidwe ka chilankhulo. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, zimene kalembedwe ka masiku onse sikasonyeza. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, koma mwana wa zaka zinayi sazisokoneza pakamwa. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso n'chimodzimodzinso. Mawu akuti ndimapita angatanthauze chizolowezi cha masiku onse kapena zimene zinkachitika kale, ndipo chosiyanitsa ndi malo amene liwu lakwera. Al Mtenje wa ku Yunivesite ya Malawi anathera zaka zambiri akufufuza zimenezi, ndipo mu 2017 iye ndi Laura Downing anatulutsa buku lathunthu la katchulidwe ka Chichewa. Palinso kampweya kamene kamasiyanitsa phala ndi pala, khola ndi kola. Munthu woloweza mawu papepala amaphonya zonsezi, ndipo kwa mwini chilankhulo kuphonyako kumamveka ngati ng'oma yong'ambika pakati pa gule.

Kuposa katchulidwe, pali ulemu umene uli m'kati mwa mawu. Mwana amene wakhala akunena kuti inu kwa bambo ake moyo wake wonse, tsiku limene adzanene kuti iwe, nyumbayo yagwa. Mkazi akasiya kuitana mwamuna wake ndi mfunda wake n'kuyamba kumutchula dzina, anansi amadziwa kuti ankhoswe ayenera kuitanidwa. M'mawu omasulira a m'munsi mwa chithunzi, iwe ndi inu zimasanduka liwu limodzi la Chingerezi, ndipo woonera wa ku London saona kuti pachitika kanthu. Wotsogolera amene sakumva kusiyanaku sangadziwe nthawi yoyenera kusendeza kamera pankhope ya womvera. Chotero khutu limalamula ngakhale ntchito ya diso.

Bambo wa ku Dedza amaikira kumbuyo Ejiofor, ndipo ali ndi mfundo. Munthuyu akanatha kujambula filimu yonse m'Chingerezi, m'dziko lina, monga achitira ambiri, koma anasankha kupita ku Kasungu, anaphunzira chilankhulo monga anathera, ndipo anapatsa mwayi Amalawi ngati Lily Banda. Kudzera pa Netflix, Chichewa chinamveka m'nyumba za m'mayiko amene sanamvepo dzina lake. Komanso ndalama za filimu zimabwera ndi zingwe zake, pakuti opereka ndalama amafuna nkhope zodziwika. Ngakhale Ousmane Sembène wa ku Senegal, pojambula Mandabi mu 1968, anachita kuipanga kawiri, m'Chiwolof ndi m'Chifalansa, chifukwa ndalama zinachokera ku France. Mayi wa ku Angónia amavomereza zonsezi. Iye amati Ejiofor ayamikidwe chifukwa cha mtima wake, koma funso limene lili pabwalo ndi la ukulu, ndipo mtima wabwino pawokha sufikitsa munthu pamenepo.

Kuti mlendo angathe kumva, umboni uli ku Cape Town komweko. Mu 2005 filimu ya U-Carmen eKhayelitsha inapata mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin. Ndi sewero loimba la Georges Bizet la m'zaka za m'ma 1800, losamutsidwira ku Khayelitsha ndi kuimbidwa m'Chixhosa. Wotsogolera wake, Mark Dornford-May, anabadwira ku England. Iye sanayese kuphunzitsa alendo Chixhosa. Anatenga oimba a chilankhulocho, ndipo ntchito yotembenuza mawu anaisiya m'manja mwa Pauline Malefane, amenenso anali Carmen, ndi Andiswa Kedama. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ameneyu anadziwanso kufunsa eni mudzi pomwe payenera kumetedwa. Apa m'pamene mfundo ya Pauline Kael, amene mu 1963 anatsutsa Sarris, imaoneka kuti inali ndi nzeru: filimu ndi denga, ndipo mutu umodzi sulisenza. Dzina lolembedwa pa mphoto ndi la mwamuna mmodzi, koma mawu amene anthu a ku Khayelitsha anamva anaumbidwa ndi amayi awiri.

Chitsanzo china chimamukhudza mnyamata wa ku Lusaka kuposa mmene amafunira kuvomereza. Mu 2021 m'nyumba zoonetsera mafilimu munatuluka Barakat, yotsogoleredwa ndi Amy Jephta wa ku Mitchells Plain. Ndi nkhani ya mayi wamasiye wachisilamu amene akusonkhanitsa ana ake aamuna anayi pa chikondwerero cha Eid kuti awauze zakuti wapeza mwamuna wina. Filimuyi inalankhula Chikaaps, Chiafrikaans cha anthu a ku Cape Flats, chimene kwa zaka zambiri chinkatengedwa ngati chilankhulo chopotoka, choyenera nthabwala ndi zigawenga za m'mafilimu. Jephta anachiika pakamwa pa mayi wolemekezeka, patebulo la chakudya, pokamba za imfa ndi chikondi. Dziko la South Africa linaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'chaka chomwe Malawi anatumiza Fatsani: A Tale of Survival ya Gift Sukez Sukali. Mnyamatayo amadziwa bwino kunyozeka kotere, pakuti Chinyanja cha ku Lusaka, chosakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, chimasekedwa ndi ena amene amati Chichewa chenicheni ndi cha ku Kasungu kapena cha m'mabuku. Kuchokera mu 1968, pamene boma la Malawi linasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, funso lakuti cholondola n'chiti silinathe. Wotsogolera wa khutu safunsa funso limenelo. Iye amafunsa kuti munthu uyu, wa msinkhu uwu, wa ku Chawama kapena ku Ulongwe, atakwiya anganene chiyani.

Dzina la Jephta ndi limene linalowetsa nkhani ya amayi mumkanganowu. Mbiri yake ndi yodziwika. Alice Guy wa ku France anayamba kutsogolera mafilimu mu 1896, luso lenilenilo likadali khanda, koma dzina lake linaiwalika kwa zaka zambiri. Mphoto za Oscar zinayamba mu 1929, ndipo panapita zaka 81 kuti mayi apate ya wotsogolera wopambana, pamene Kathryn Bigelow anaitenga mu 2010. Chloé Zhao anatsatira mu 2021, Jane Campion mu 2022. Mu Africa, Sarah Maldoror anapanga Sambizanga mu 1972, yonena za nkhondo ya ufulu ku Angola, Safi Faye wa ku Senegal anapanga Kaddu Beykat mu 1975, ndipo Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe anatsogolera Everyone's Child mu 1996. Mati Diop anapata Grand Prix ku Cannes mu 2019 ndi Atlantics, kenako Golden Bear mu 2024 ndi Dahomey.

Amuna awiri aja, ngakhale amasiyana pa zambiri, pano amayandikirana. Mnyamata amati luso lilibe mwamuna kapena mkazi, choncho kuwerenga amayi padera n'kuwachepetsa. Bambo wa ku Dedza, mochita kusankha mawu, amati ntchitoyi ndi ya usiku, ya maulendo ndi ya kulamula amuna ouma mitu, ndipo sadziwa ngati mayi wa pabanja angaipirire.

"Achimwene," mayi uja amafunsa, "kodi chinamwali amayendetsa ndani? Namkungwi amasonkhanitsa mudzi wonse, amagawa nyimbo, amauza wang'oma poyambira, amadziwa chobisa ndi choonetsa, ndipo mfumu imene imakhala pansi kudikira nthawi yake. Inu mukuti sangalamule anyamata khumi onyamula nyale?"

Mbiri ya zisudzo ku Malawi ili kumbali yake. Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, amene anatenga utsogoleri wa Wakhumbata Ensemble Theatre anali Gertrude Kamkwatira, yemwe pambuyo pake anayambitsa gulu lake la Wanna Do, nalemba ndi kutsogolera masewero mpaka imfa yake mu 2006. Ndipo mphoto ija ya kummwera kwa Africa imene Joyah anapata mu 2018, Joyce Mhango Chavula anali ataibweretsa kale ku Malawi mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe.

Koma mfundo yolemera kwambiri pa nkhani ya amayi ndi ya malo amene chilankhulo chimakhala. Palibe umboni wakuti mkazi amabadwa ndi khutu loposa la mwamuna. Chimene chilipo n'chakuti m'midzi ya Achewa, Angoni ndi Anyanja muli malo amene mwamuna salowa kapena sakhalitsa: m'chikuta mobadwira mwana, kutsimba, pamtondo, pamjigo m'bandakucha, m'nyumba ya siwa usiku amuna ali panja pamoto. M'malo amenewa muli mawu, nthabwala, zining'a ndi malangizo amene samveka pabwalo la mfumu. Mayi akamasinja amaimba zimene sanganene pamaso pa apongozi. Ngati otsogolera mafilimu onse ali amuna, gawo lalikulu la Chichewa silidzafika pa kanema, kapena lidzafika monga mmene amuna amaliganizira ali kunja kwa chitseko.

Rungano Nyoni ndi amene wasonyeza bwino chimene chimapezeka chitsekocho chikatseguka. Iye anabadwira ku Lusaka mu 1982 nakulira ku Wales. Filimu yake ya On Becoming a Guinea Fowl, imene inamupatsa mphoto ya wotsogolera wopambana m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, mphoto imene anagawana ndi Roberto Minervini, ikuyamba ndi mtsikana amene wapeza mtembo wa amalume ake pamsewu usiku. Zotsatira zake zonse zikuchitika pamaliro. Chilankhulo ndi Chibemba ndi Chingerezi, koma wa ku Mchinji kapena ku Tete amazindikira chilichonse: azakhali olamula kuti alire mokweza, atsikana ophika usiku wonse, wamasiye woimbidwa mlandu ndi akuchimuna. Pang'onopang'ono zikuululika kuti malemuyo ankagwirira ana a m'banjamo, kuti akuluakulu ankadziwa, ndipo anasankha kukhala chete. Zoona zikunenedwa monong'ona m'tizipinda mobisika, pamene mawu okweza a pabwalo akutamanda wakufayo. Nkhanga ya m'dzina la filimuyo ndi mbalame imene imalira pochenjeza zinzake chilombo chikayandikira. Kamera yokha sikanapeza nkhani imeneyi popanda munthu amene anakhalapo m'nyumba ya siwa namva kusiyana kwa kulira kwa mwambo ndi kulira kwa mumtima.

Khutu la Nyoni linaonekera kale. Mu 2014 iye ndi Hamy Ramezan anapanga filimu yaifupi yotchedwa Listen, ya mayi wachilendo amene wapita kupolisi ku Copenhagen kukadandaula za nkhanza za mwamuna wake, koma womasulira akusintha mawu ake. Aliyense amene anaimapo pa ofesi ya boma m'dziko la eni, akudalira pakamwa pa wina, amaidziwa nkhani imeneyi. Mu I Am Not a Witch ya mu 2017, imene muli Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga, ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018, kamtsikana konamiziridwa ufiti sikalankhula kwenikweni. Akuluakulu, apolisi ndi mkulu wa boma ndi amene amalankhula m'malo mwake. Mnyamata wa ku Lusaka amati filimuyi ikutsimikiza mfundo yake, chifukwa chimene anthu amakumbukira ndi nsalu zoyera zazitali zomangidwa kumsana kwa amayi onenedwa ufiti. Mayi wa ku Angónia amati chimene iye amakumbukira ndi kukhala chete kwa mwanayo, ndipo kuti munthu ajambule chete wotero ayenera kudziwa mawu amene mwanayo akanawanena akanaloledwa.

Mayiyu ali ndi chifukwa chake chomvera chete. Tsiku lonse amagwira ntchito m'nyumba imene salankhulamo chilankhulo chake, ndipo mawu ake ambiri ndi ovomera. Pamene anaona Mlungu Wam, filimu ya mu 2021 ya Jenna Cato Bass, yochitikira m'nyumba ya mzungu m'dera la olemera la Cape Town, anazindikira kulira kwa burashi pansi, kabelu koitanira wantchito, ndi kapu yosungidwa payokha. Bass ndi mzungu, ndipo nkhaniyo anailemba pamodzi ndi Babalwa Baartman ndi ochita sewerolo, olankhula Chixhosa. Ntchito ya m'nyumba, imene kale inkaoneka yosayenera kamera, yafika patali: mu 2022 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anaika pamwamba pa mafilimu onse Jeanne Dielman ya Chantal Akerman, ya mu 1975, imene kwa maola oposa atatu imaonetsa mayi akuphika, kutsuka ndi kuyala bedi.

Muyeso wa khutu uli ndi ngozi yake, ndipo mnyamata uja salakwa poitchula. Ukhoza kusanduka chipata chotsekera aliyense wosabadwira m'mudzi, kapena mpikisano wa amene amadziwa miyambi yambiri. Filimu yodzaza Chichewa chozama koma yojambulidwa mosasamala, mawu osamveka chifukwa cha mphepo, nkhani yosalongosoka, imakhalabe filimu yoipa. Nyoni anachoka ku Zambia ali mwana, ndipo akanayesedwa ndi muyeso wa kobadwira ndi kokulira, ena akanamukana. Kumva kumene kukunenedwa pano ndi khalidwe la pantchito: kusankha ochita sewero amene chilankhulocho ndi chawo, kukhala ndi eni mawu pambali ndi kuwamvera akati apa sitinena choncho, kulola munthu wa ku Chipata alankhule monga wa ku Chipata, ndi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kapitawo wa bambo wa ku Dedza ndi wofunika kuti ntchito ithe, ndipo diso la mnyamata wa ku Lusaka ndi lofunika kuti ikongole, koma ziwirizi zimatumikira nkhani ya anthu, ndipo anthu amadziwika ndi zimene amanena ndi zimene amabisa.

Kuti oonera ali ndi njala ya chilankhulo chawo, msika unasonyeza kale. M'misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre, mafilimu a ku China, India ndi America amagulitsidwa atawaikamo mawu a Chichewa ndi anyamata a m'tauni, amene amamasulira, kuwonjeza nthabwala ndi kupatsa anthu a m'filimu mayina akumudzi. Ogula ambiri amafunsa dzina la womasulira, wotsogolera filimuyo osamudziwa n'komwe. Luso lofotokoza nkhani m'Chichewa ndi lakale kuposa kamera. Agogo akati padangotero, ana amayankha kuti tili tonse, ndipo amabwereza yankholo nthano yonse. Yankho likayamba kuzilala, wofotokoza amadziwa kuti wataya anthu ake, ndipo amasintha liwu, kuyambitsa nyimbo kapena kufupikitsa njira. Wotsogolera filimu alibe mwayi womva yankholo pamene akujambula, choncho ayenera kulinyamula m'mutu mwake, n'kumadzifunsa ngati eni nkhaniyo akadali naye.

Nkhaniyi ili ndi changu chake. Pa 18 Epulo 2021 moto wochokera kuphiri unatentha laibulale ya Jagger pa Yunivesite ya Cape Town, ndipo pakati pa zimene zinapsa panali mafilimu ambiri a mu Africa amene anasonkhanitsidwa kwa zaka zambiri. Zojambulidwa n'zochepa kale, ndipo ngakhale zochepazo zikhoza kutha tsiku limodzi. Pakali pano ku Masiphumelele ndi ku Dunoon kukukula ana a makolo olankhula Chichewa amene kusukulu amaphunzira Chingerezi, pamsewu amasewera m'Chixhosa, ndipo Chichewa amachimva kwa amayi awo madzulo ndi pa foni. Ambiri a iwo sadzakhala pamtondo kapena kugona m'siwa. Chichewa chimene adzachidziwe kupitirira cha m'nyumba chidzakhala chimene otsogolera mafilimu a ku Lilongwe, Chipata, Lusaka ndi Tete adzachisunge. Nkhanga zinapangana kusanapse. Amene ali ndi kamera lero, ndi amene amasankha woti apatsidwe kamera, akusankhanso mawu amene ana amenewa adzamve, ndiponso ngati mawu a amayi awo adzakhalemo.